Buluu wa pa Pulu m'Thanki ya a Musa

Ana anga, za ubwana wanga mukafunse azakhali anu, amazikamba bwino kuposa ine ndipo amathiramo ndi mchere womwe. Ine ndikuyambira pamene ntchito inayambira. Mwakhala mukundifunsa kuti ku Joni ndinkachita chiyani kwenikweni, ndipo ndikati ndinkasamalira nsomba za m'nyumba za anthu mumaseka ngati ndikucheza. M'mutu uno ndikuuzani za ntchitoyo, komanso za a Mbewe, munthu amene simundimva ndikumutchula pakhomo pano.

Bertrams, chaka chimene Tadala anabadwa

Ndinachoka kuno ku Bembeke amayi anu ali oyembekezera. Wondilandira ku Joni anali a Mbewe, a m'mudzi wa kuseri kwa phiri lathuli, munthu wa msinkhu wa bambo anga. Iwo anapita kumeneko ali mnyamata, nthawi ya migodi, ndipo ya migodi itatha sanabwerere. Ankachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ina ku Bertrams. Anandiyalira makatoni pansi n'kundigawira bulangete limodzi mwa awiri amene anali nawo, ndipo munali m'chisanu. Amene anagonapo ku Joni nthawi yozizira akudziwa chimene ndikunena. Miyezi yoyamba ndinadya zawo, ndinavala jekete lawo, ndipo sanandinyozerepo ngakhale kamodzi.

Ntchito yawo inali ya mapulu, maiwe osambiramo aja a kunyumba za anthu olemera, ndipo ankaidziwa. Ankanditenga kuti ndiziwanyamulira ukonde ndi burashi. Pulu ikabiriwira ndi ndere, ankatulutsa mankhwala amene tonse tinkangowatchula kuti buluu, n'kuthira. Mawa lake madzi ali mbee, mpaka kuwona tsamba lagona pansi penipeni. Ankaima m'mphepete manja ali m'chiuno n'kunena kuti, "Wawona, Lasitoni? Mushe, zili bwino! Madzi amamvera amene akuwadziwa." Ankanyada nazo, ndipo panali pomveka. Kabotolo ka buluu sikankachoka m'chikwama mwawo, ngakhale popita kutchalitchi.

Mayfair, Tadala atayamba kuyenda

Ntchito yokhazikika ndinaipeza pa sitolo ina ku Mayfair yogulitsa nsomba zoweta m'mathanki agalasi. Mwini wake anali a Manuwelo, Mpwitikizi wobadwira ku Mozambiki, wamfupi, waukali ngati mavu koma wosasunga mangawa. Atangomva kuti ndine Mmalawi anandikokera ku mathanki a kumbuyo.

"Nsomba zakwanu izi, mbuna," anatero. "Ukuzidziwa?"

"Kwambiri, bwana."

Linali bodza la njala. Ine wa kumapiri nsomba ndinkaidziwa itauma kale, ili pa mulu pamsika. Zokongolazo, zachikasu ndi zamizeremizere, ndinaziwonera koyamba ku Joni. A Manuwelo anandigwira tsiku lomwelo nditawafunsa ngati zikakula zimadyedwa. Anaseka mpaka kutsokomola, koma sanandichotse. Anati munthu wofunsa zopusa amaphunzitsika kuposa wongogwedeza mutu.

Anandiphunzitsa molalata, koma anandiphunzitsa. Ankati thanki si beseni la madzi. Muli nsomba, muli zomera, muli nkhono zonyambita galasi, ndipo mu fyuluta yosefa madzi muli tizilombo tosawoneka timene timadya zonyansa za nsomba. Tsiku lina thanki ya pawindo inabiriwira, ine pofuna kuwoneka wodziwa ndinati, "Bwana, tingothiramo buluu wa pa pulu, mawa ziyera." Anataya kaukonde kamene anali nako m'manja. Anandikhazika pa chidebe ngati mwana wa sukulu n'kundiuza kuti mu buluu muli kopa, mkuwa womwe uja wa mawaya koma wosungunuka m'madzi. Ndere amapha, inde. Koma amayambira kupha nkhono, kenako nsomba zopanda mamba, kenako tizilombo ta mu fyuluta tija, ndipo ndere zofazo zikamawola zimamaliza mpweya m'madzi.

"Choyipitsitsa n'chakuti sachoka," anatero akundiloza ndi chala. "Amalowa m'miyala ndi mumchenga. Usinthe madzi kangati, iye azingotuluka pang'onopang'ono. Uika nsomba zatsopano, uziikanso m'manda."

Pa sitolopo mankhwala a kopa analipo, ochizira nsomba zotuluka timadontho toyera pakhungu. Koma ankathiridwa m'thanki yakeyake yopanda mwala ngakhale umodzi, mowerenga madontho, madzi akuyezedwa tsiku ndi tsiku. Botolo lake linkakhala m'kabati yokiya, kiyi ali m'thumba mwa a Manuwelo.

Chaka chimene Yamikani anabadwa

Pofika nthawi imeneyi ndinali kapitawo wa anthu oyenda m'nyumba za makasitomala, ndipo pikiapu ya sitolo ndinkayendetsa ndine. Zinali zaka zovuta. Magetsi ankangothimathima, mapampu n'kuima, ife n'kumathamanga nyumba ndi nyumba ndi timapampu ta mabatire timene sitinkakwanira. Madzi nawo anavuta, anthu ambiri anakwirira mapulu awo, otsalawo anapereka ntchito ku makampani a anyamata ovala yunifolomu. A Mbewe anatsala ndi nyumba ziwiri, kenako imodzi, kenako anangokhala. Ndinkawapeza pakhonde ku Bertrams akusoka nsapato yomwe sinang'ambike, ndipo zinkandipweteka mtima.

Ndinawachonderera a Manuwelo mpaka anatopa nane. "Mubweretse madala wakoyo," anatero. "Koma akalakwa ndidzafunsa iwe."

Tsiku loyamba tili m'galimoto ndinalimba mtima. Kulangiza munthu amene anakufunditsa bulangete lake si chinthu chapafupi, koma ndinanena, ndipo ndinanena momveka.

"Madala, chinthu chimodzi chokha. Buluu asalowe m'thanki, ngakhale dontho. Amapha nsomba ndipo amatsalira m'miyala."

"Ayikona, Lasitoni! Wayamba kundiphunzitsa madzi iwe? Ine ndinayamba kusamala madzi iwe ukuyenda ndi kabudula wobowoka kumbuyo." Anaseka, kenako anandigwira paphewa. "Ndamva, kapitawo. Sharp."

Ntchito anaigwira bwino kuposa anyamata. Sankadonthezera madzi pa kapeti ya munthu, ndipo ankapereka moni ngakhale kwa galu. Nyumba imene anaikonda kwambiri inali ya a Musa, telala wopuma ntchito wa ku Mayfair komweko. A Musa anagwidwa sitiroko, mbali imodzi inafa, kulankhula kunatha. Tsiku lonse ankakhala pa mpando moyang'anana ndi thanki yawo. Thankiyo anaikonza okha akadali bwino, ndipo mwala uliwonse m'menemo anautola okha m'maulendo awo ndi akazi awo. Munali nsomba imodzi yaikulu, yachikasu ya mizere yakuda, yopanda mamba, ya ndevu ngati mlamba, imene inakhala nawo zaka zambiri. A Mbewe anaitcha Ndevu. Ntchito ya theka la ola ankaitalikitsa mpaka masana, akuwathandiza mayi Musa kunyamula amuna awo, akuwakambira a Musa nkhani za ku migodi m'Chichewa chimene mwiniwakeyo sankamva ngakhale liwu. Koma a Musa ankamwetulira ndi mbali yamoyo ija. Ine ndinkadandaula kuti akutichedwetsa, ngakhale mumtima zinkandisangalatsa.

Chisanu cha chaka chotsatira

Kuzizira kutafika, mayi Musa anapempha kuti tisunthire mpando wa amuna awo pawindo kuti aziwothera dzuwa, ndi thanki yomwe. Ndinawauza kuti dzuwa limabereka ndere, koma munthu wodwala ankanjenjemera, ndiye tinasuntha. Sipanatenge nthawi madzi anabiriwira ngati ophikira masamba. Nsomba zinalimo, zili bwinobwino, koma sizinkawoneka. A Musa ankagogoda galasi ndi dzanja lamoyo lija, misozi ikutsika, ndipo anayamba kukana chakudya.

Ndinawauza a Mbewe njira imene tinkatsata nthawi zonse. Titchinge thanki ndi nsalu, tichepetse chakudya cha nsomba, tizisintha madzi pang'onopang'ono, pakatha masabata angapo ziyera.

"Masabata?" anatero. "Eish, Lasitoni, munthuyu sakudya. Ukufuna madzi adzayere mwiniwake ali kumanda?"

"Njira ina palibe, madala."

Lachisanu a Mbewe anapita okha kunyumbako monga mwa masiku onse. Lolemba m'mawa mayi Musa anaimba foni pa sitolo kuti nsomba zikufa, ndipo ine ndi a Mbewe tinathamangira komweko. M'njira monse a Mbewe ankangoyang'ana pawindo.

Madzi oyera chotero sindinawawonepo. Mayi Musa anati Loweruka amuna awo anadzuka n'kupeza thanki ili mbee, anasangalala mpaka anamaliza mbale yonse ya chakudya. Lamulungu nkhono zinayamba kugwa pagalasi. Pamene ife tinkafika zonse zinali pansi, zomera zitalefuka, tinsomba tating'ono tikuyandama chagada. Ndevu anali atagona cham'mbali pa mchenga, akupuma movutikira. Ndinathamangira zidebe kuti ndimusamutse, koma ndinachedwa. Anafera pamaso pa a Musa, ndipo poti madzi anali oyera, bamboyo anawona zonse. Anatulutsa liwu limene mpaka lero ndikalikumbuka chakudya chimandikanika.

Nkhono zikayamba kufa nsomba zisanafe, munthu wa ntchito yathu safunsanso. Ndinawaitanira a Mbewe panja, kuseri kwa galimoto.

"Madala, munathira?"

"Kachivindikiro kamodzi, Lasitoni. Kamodzi kokha. Pa pulu ndimathira botolo lonse, anthu n'kusambira, ndi ana omwe."

"Anthu sapumira m'madzi, madala."

"Ndimafuna adye," anatero. Kenako anandigwira mkono ndi manja onse awiri, munthu wa msinkhu wa bambo anga. "Mwana wanga, tamvera. Sintha madzi, tigule nsomba zina mwa tokha, uwauze kuti anali matenda. Ndikachoka pano ndani angandilembe ntchito ndi mawondo awa? Sindinakupemphepo kanthu chibwerere iwe ku Joni. Lero ndikupempha."

Zinali zowona, anali asanandipemphepo kanthu. Ndinabwerera m'nyumba ndisanadziwe chimene ndikanene. Ndinayesa njira yapakati. Ndinawauza mayi Musa kuti titaya madzi onse, mchenga, zomera ndi miyala yomwe, tiyambirenso ndi zatsopano. Ndinkayembekeza kuti angovomera osafunsa.

"Miyala ayi," anatero mayiwo. "Mwala uliwonse amaudziwa kumene anautola. Ndi zokhazo zimene zawatsalira. Ngati ndi matenda, iwiritseni ngati mmene munachitira nsomba zitadwala chaka chija, muibwezeremo. Ndigula nsomba zina sabata yomweyi."

"Kuwiritsa sikuthandiza, mayi."

"Chifukwa chiyani?"

A Mbewe anali ataima kumbuyo kwanga ndi chidebe m'manja, ndinkamva kupuma kwawo. Patsogolo panga panali a Musa akuyang'anabe m'thanki. Ndikanati ndi matenda, miyala ikanabwerera, nsomba zatsopano zikanalowa, ndipo patapita nthawi bambo wodwalayo akanawonereranso zomwezo, mwina kawiri, mwina katatu, osadziwa chifukwa chake. Ndikanena zowona, a Mbewe ntchito yatha. Ndinafuna pansi patseguke.

"Si matenda, mayi," ndinatero. "M'madzimu munalowa mankhwala a pa pulu. Ali ndi kopa, ndipo kopayo walowa m'miyala. Nsomba iliyonse imene muike pamodzi ndi miyala iyi moyo wake uli pa chiswe."

Sindinatchule dzina, koma panalibe chifukwa. Wolowa m'nyumba imeneyo Lachisanu lija anali mmodzi. Mayi Musa sanakalipe. Anangoyang'ana kumbuyo kwanga n'kunena motsitsa kuti, "Madala? Inu?" Kukalipa kukanakhala bwino.

Masana omwewo ndinakawauza a Manuwelo ndekha, asanamve kwa mayiwo. Ndinachonderera kuti a Mbewe atsale pa sitolo, azitsuka zidebe, azisesa, chilichonse. Ndinafotokoza za munthu wokana kudya uja. A Manuwelo, amene ankalalata pa chivindikiro chotayika, tsiku limenelo analankhula modekha.

"Ndikudziwa kuti anachita chifukwa cha chifundo. N'chifukwa chake ndikuwopa. Waulesi ndingamuyang'anire, koma munthu amene wauzidwa, wamva, n'kuchitabe chifukwa mtima wamuuza, adzachitanso. Anthu amatipatsa makiyi a nyumba zawo, Lasitoni. Unamubweretsa ndiwe, ukamuuze ndiwe."

Ndinakawauza. Anapempha chinthu chimodzi, kuti miyala ija akaitulutse okha. Mawa lake tinapita. Anaichotsa umodziumodzi, kuipukuta ndi nsalu, n'kuindandalika pa shelefu pamene a Musa akanatha kuiwona. Atamaliza anagwada pafupi ndi mpando uja, mawondo akulira, n'kunena m'Chichewa kuti, "Pepani, achimwene. Ndinalakwa ndine." A Musa anatembenuzira nkhope kukhoma.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Nsomba zatsopano zimene ndinkaziteteza zija sizinagulidwe n'komwe. Mayi Musa anati amuna awo akawona thanki amalira, ndipo sabata yotsatira anatiitana kuti tikaichotse. Ndinainyamula ndi anyamata awiri, pakhoma panatsala chizindikiro cha pamene inali. Ndiye bodza lija likananenedwa kapena ayi, mwina mathero a thanki akanakhala omwewo, ndipo a Mbewe akanakhalabe pa ntchito. Mwinanso ayi. Funso limeneli ndalitembenuza zaka zonsezi ndipo silinapse mbali iliyonse.

A Mbewe anayesa kufuna maganyu kwa miyezi ingapo. Ndinkapita ku Bertrams ndi kathumba ka ufa ndi shuga, ankandilandira mwaulemu ngati mlendo, kundipatsa mpando iwo n'kukhala pa bedi, nkhani osapitirira za kuzizira. Kenako ndinamva kwa ena kuti akubwerera kumudzi. Ndinapita ku siteshoni ya mabasi m'mawa wa tsikulo popanda kuitanidwa. Katundu wa zaka zonse za ku Joni anali zikwama ziwiri za mizeremizere ndi wailesi. Ndinawanyamulira mpaka pa sikelo, sanakane. Basi itayamba kulira anaima pa chitseko n'kunditembenukira.

"Lasitoni, unachita bwino. Ukananama ukanakhala munthu wachabe, ndipo ine sindinalere munthu wachabe." Anakhosomola pang'ono. "Koma kwathu usadzabwere. Ndikakuwona ndiziwona nkhope ya bambo uja."

Ndinati, "Ndamva, madala."

Bembeke, chaka chino

Ndinagwirabe pa sitolopo mpaka msana unakana zidebe. Mnyamata aliyense watsopano ndinkamufunsa kaye ngati anagwirapo pa pulu, akati inde ndinkamutsegulitsa chikwama. Ankandiyesa nkhalamba yovuta, ndipo sindinkawafotokozera.

Chibwerere kuno, mudzi wa a Mbewe ndi ulendo woti ukanyamuka m'mawa umakafika dzuwa lisanatenthe. Ndinawamvera. Kumsika ndikamva kuti abwera ndinkadzera njira ina. Amayi anu ankati ndi kupusa, amuna awiri akuluakulu kumazembana ngati ana, ndingopita ndikagogode. Mwina ankanena zowona. Ine ndinkati munthu amene ndinamukaniza chinthu choyamba chimene anandipempha, chomalizachi chokha ndimusungire. Ndinkaganizanso kuti tsiku lina adzatuma mwana kudzandiitana. Amene anabwera anali mdzukulu wawo, m'mwezi wa mvula zoyamba, kudzanena kuti agogo anaikidwa dzana. Ndinalira pamaso pa amayi anu, chinthu chimene anali asanachiwonepo.

Akazi awo a Mbewe, amene ankakhala kumudzi zaka zonsezo, akadali moyo, akukhala m'nyumba ya njerwa zosawotcha pafupi ndi mjigo, maso ayamba kuchita khungu. Tadala, Chisomo, Yamikani, a Mbewe analetsa ine, inu sanakuletseni. Mukabwera pa Khirisimasi mudzagule bulangete, lolemera, osati zopyapyala za pamsika izi. Mukapite nalo nonse atatu. Akakufunsani kuti ndinu ana a ndani, mukanene zowona.